Samusa ya Amayi Ako

Callista ankasita shati yoyera yoti mwamuna wake, a Henderson, akavale m'bokosi, pamene mlamu wake Elizabeth analowa m'khitchini n'kutseka chitseko ndi msana.

"Alamu, Towela ali pansi. Wabwera ndi uja."

Callista sanakweze mutu. Anasita kolala, kenako anaibwerezanso. M'chipinda chochezera cha fulati yawo ya ku Woolwich, mu mzinda wa London, amayi a Mvano anali atakankhira mipando kukhoma, atakhala pa kapeti, akuimba motsitsa mawu kuopa aneba.

Towela anali mwana wawo yekhayo. Zaka zingapo m'mbuyomo anasamukira kwa Rogers, wa ku Chipata, woyendetsa basi, popanda ankhoswe, popanda tchalitchi. Callista analumbira kuti mwanayo sadzapondanso pakhomo pake mpaka mwambo utachitika. A Henderson sanamutsutse tsikulo. Sanali munthu wa mawu.

Elizabeth anati maliro sathamangitsa munthu. Anawonjezanso, maso ali pa shati, kuti amayi m'chipindamo akufunsana chifukwa chake namfedwa sanalire chibwerereni kuchipatala.

"Alowe yekha," anatero Callista. "Akalira bambo ake, azipita."

Towela analowa atavala jini. Azakhali ake anamuponyera chitenje, iye anachimanga mokhota nagwada pafupi ndi firiji. M'manja anali ndi kabokosi koyera ka pepala, pansi pake patanyowa mafuta. Callista anachotsa shati msanga n'kuikoleka kuchitseko.

"Anzako akubwera ndi shuga ndi ufa. Iwe wabwera ndi zamafuta zimene adokotala anawaletsa bambo ako."

Towela ankamva Chichewa chonse koma ankayankha m'Chingerezi. Anatsegula kabokosiko. Munali masamusa ndi pakora, tinthu ta anyezi toviika mu ufa wa tchana n'kukazinga. Anafotokoza kuti Lachinayi lililonse, bambo ake akanena kuti akupita ku mapemphero a abambo ku Lewisham, ankakwera basi ya ku Plumstead. Kumeneko kuli sitolo ya maswiti ya Amwenye a ku Punjab. Ankagula zokazingazi, awiriwo n'kukakhala pa benchi pafupi ndi mtsinje. Kupemphera ankapempheradi, chipewa atavula, asanalume. M'mawa umenewu, Towela atapita kukagula za m'kabokosimo, mwini sitolo atamva za imfayo anasiya makasitomala pa mzere, natuluka kudzamugwira dzanja.

Callista anazimitsa ayironi. Zaka zonsezo ankawaphikira zowiritsa, zopanda mchere, zopanda mafuta, ndipo iyenso ankadya zomwezo kuti iwo asamasirire. Lachinayi ankawaikira Baibulo m'chikwama, nawakumbutsa mpango wa m'khosi.

"Ndiye wopusa ndinali ine. Bwera nazo. Ndilawe zimene zinkawanamitsa akulu a mpingo."

Anatola pakora imodzi nailuma mwaukali. Kunja inali yokhukhuluza, mkati yofewa, ndipo inali yokoma. Zimenezi zinamupweteka kwambiri. Kenako tsabola wobisala mkati anamugwira pakhosi. Anatsokomola, mphuno inayamba kuchucha, misozi inatsika yokha.

Elizabeth anamuyang'ana, natsegula chitseko ndi mkuwo wotchula dzina la mchimwene wake. Nyimbo inaduka. Amayi a Mvano anadzaza khitchini, akulira, akumusisita Callista pamsana. Wina anamunong'oneza kuti azitulutse zonse, Ambuye akuona. Iye anafuna kuwauza kuti ndi tsabola chabe, koma pakhosi panalibe mpata. Anangoima pakati pawo, chakudya chili m'kamwa, akumuyamikira chisoni chimene sanachimve.

Phokoso litachepa, Towela anali chigwadire. Anayesa Chichewa, mawu akumulemera.

"Amayi, samusa ankagula zitatu. Imodzi ankakulunga m'pepala. Amati, iyi ndi ya amayi ako. Ankakupatsani?"

Callista anakumbukira kuti Lachinayi ankamva mapazi a mwamuna wake akufika pakhomo, ndiye pankapita nthawi kiyi asanalowe. Nthawi zina mapaziwo ankabwerera pansi, kokhala mabini, n'kukweranso. Iye ankangoti ndi ukalamba, aiwala kanthu.

Towela anaona yankho pankhope pa amayi ake. Anaimirira, namasula chitenje, nachipinda bwinobwino n'kuchipereka kwa azakhali ake. Analowa kuchipinda chochezera, naima pang'ono patsogolo pa chithunzi cha bambo ake, kenako anatuluka monga anauzidwira.

Callista anakhala pa mpando. A Henderson anathawa kwawo m'masiku a chipani chimodzi, ndipo amayi awo atamwalira ku Ntcheu sanathe kupita kukaponya dothi. Analira okha m'bafa, madzi atawatsegulira. Callista ndiye ankadziwa zimenezi kuposa aliyense m'nyumbamo.

"Alamu, tsikani. Mukawaitane onse awiri."

Elizabeth anapita. Amayi aja anabwerera pa kapeti, nayambiranso nyimbo. Patapita nthawi Elizabeth anakwera ali wefuwefu, nanena kuti galimoto yapita, ndipo foni ya Towela ikungolira.

Callista anayang'ana m'kabokosi. Anafuna kudziuza kuti a Henderson akanangoyesa kamodzi kumupatsa samusayo, iye akanalandira. Koma ankadzidziwa. Anaika manja onse awiri pa thebulo, nalankhula mokweza, mpaka oimba anamva n'kukhala chete.

"A Henderson, mundikhululukire. Munkandidziwa bwino. Ndikanaitaya."