Msuzi wa Nyemba za Mbewu

Pachipatala chaching'ono cha ku Ntengo-Wambalame ana ankawayeza pa balansa ya mbedza, sikelo yomwe ija amalonda a ku Tete ankayezera matumba a nyemba nkhondo isanayambe. Masiku amenewo malole ankandanda mumsewu kuyambira pamsika mpaka kumlatho, ndipo nyemba zotayika pokweza matumba zinkanenepetsa nkhuku za mudzi wonse popanda woziwerengera. M'chilimwe cha 1986 pa mbedzapo pankalendewera kathumba ka nsalu koboola pawiri potulukira miyendo. Tsiku limenelo m'kathumbamo munali Jacinta, mwana wa Delfina, wa zaka ziwiri.

"Sete quilos e meio, makilo asanu ndi awiri ndi theka," anatero a Januário, namwino wa pamalopo, amene aliyense ankangowatchula kuti a enferimeru. Anali munthu wa imvi, wochokera kuchigwa kotentha, ndipo jekete sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. M'kabati mwawo munatsala thonje ndi mankhwala opaka zilonda basi.

Anamutsitsa mwanayo n'kudina chala pamwamba pa phazi lake lotupa. Atachotsa chalacho, dzenje linatsala pomwepo. Anasisita tsitsi lake, lofiirira ngati ndevu za chimanga.

"Amadya chiyani?"

"Zimene tikudya tonse. Mbatata, nthochi zaziwisi zophika."

"Bere?"

"Linauma tikubisala kuphiri."

"Dzira? Nsinjiro? Kausipa?"

"A enferimeru, mukufunsa ngati mwafika dzulo."

A Januário anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wagwidwa. Kenako anakhala pampando n'kuyamba kulankhula mwapang'onopang'ono, monga ankachitira ndi amayi onse.

"Mbatata ndi nkhuni, mayi. Imayaka, munthu n'kuyenda, n'kutha. Koma thupi limamangidwa ndi chinthu china, mabuku amati proteína. Chili mu nyama, mu mkaka, mu mazira, mu nyemba. Wamkulu amafuna pafupifupi galamu imodzi pa kilo iliyonse ya thupi lake, tsiku ndi tsiku. Mwana wodwala chonchi amafuna katatu kake. Chikasowa, thupi limadya minofu yake yomwe, madzi n'kulowa m'malomo."

"Magalamuwo ine sindiwadziwa."

Anakhuthula thonje limene linali m'kachitini ka mkaka n'kumupatsa kachitiniko.

"Theka la aka, nyemba zouma, tsiku lililonse. Muviike, muchotse makoko, muphike mpaka zifewe, mupote chipere. Muzimupatsa pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Adzakana. Ana otupa safuna chakudya. Inu musatope. Nyemba zilipo?"

Chimanga cha kwa Delfina amfuti, zigawenga za m'tchire zija, anakokolola chonse, mbuzi ndi nkhuku zinapita tsiku lomwelo. Koma pamalo pamene panali khola, pansi pa ndowe zouma, panali mtsuko womata ndi dothi. Munali nyemba za nanyati, mbewu imene amayi ake anamusiyira, yoti adzale mvula ikagwa.

"Zilipo za mbewu."

"Ine za kumunda sindingakuuzeni," anatero a Januário. "Ndakuuzani za mwana."

Kunyumba Delfina anapeza mwamuna wake, Narciso, atatsamira khoma pamene anamusiya m'mawa. Panali patatha masabata atatu chibwerere. Amfuti anamutenga miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo kuti aziwasenzera katundu, ndipo atalephera kudzuka ndi thumba anamusiya m'mbali mwa njira ya ku Chidzolomondo, poganiza kuti afisi amalizitsa. Uyu ndi munthu amene kale ankakweza yekha thumba la nyemba pa lole anzake akugwirira awiriawiri. Tsopano manja ake anali ngati mapesi, ndipo kupita kuchimbudzi ankapuma kawiri panjira.

Delfina anamufotokozera zonse, n'kumuonetsa kachitini.

"Fukula," anatero Narciso.

"Nanga mvula ikagwa tidzadzala chiyani, bambo a Jacinta?"

"Tidzapempha."

"Kwa yani?"

"Fukula, Nangozo," anatero, akumutchula dzina la mfunda.

Tsiku loyamba Delfina anachita ndendende monga anamuuzira. Anatikita nyemba m'manja mpaka makoko onse anayandama, anaphika, anapota chipere chosalala. Jacinta anameza masipuni awiri n'kutembenuza nkhope. Sipuni yachitatu analavula. Madzulo anatsekula m'mimba katatu, n'kugona chapansipansi osalira n'komwe.

M'mawa mwake kunabwera a Genoveva, akulu ake a Delfina, amene anabereka ana asanu ndi awiri n'kulera asanu. Anayang'ana mbale ya chipere, anayang'ana matewera ali pachingwe.

"Mwana wotsekula m'mimba n'kumamupatsa nyemba? Ukufuna umumalize?"

"Anatero a enferimeru, achemwali."

"Enferimeru wakoyo anaberekapo? Analerapo mwana? Mabuku ake analembera ana a azungu, odya ndi foloko. Ife tonse tinakulira msuzi. Iweyo ndinakumwetsa ndine." Anavundukula mphika wina umene munali nyemba zosachotsa makoko n'kutunga ndi chipande. "Taona kufiira kwake. Mphamvu yonse ya nyemba imatulukira m'madzimu. Zotsala pansizo ndi madeya chabe."

Anathira kamchere, anauzira, n'kumuika Jacinta pamwendo. Mwanayo anamwa. Anamwa sipuni yachiwiri, yachitatu, mpaka khumi, ndipo sanasanze. Delfina anamwetulira koyamba m'miyezi yambiri. Palibe mayi amene angatsutsane ndi chinthu chimene mwana wake wameza.

Kuyambira tsiku limenelo Jacinta ankamwa msuzi kasanu patsiku. Kuti msuziwo ukhale wokhathamira, Delfina anasiya kuphika theka la kachitini n'kumaphika kathunthu, masiku ena kamodzi ndi theka. Nyemba zenizenizo sakanataya. Ankaziika m'mbale n'kukapereka kwa Narciso.

"Izi si za mwana?" anafunsa tsiku loyamba, akukankha mbaleyo.

"Mwana wamwa kale mphamvu yake. Inu mukudya madeya."

"Ndiye ndasanduka nkhumba ya pakhomo pano."

"Nkhumba imanenepa. Inu tiona."

Anadya. Ankamusiyirako mkazi wake zapambali, iye n'kumamubwezera. Sabata yoyamba isanathe anasiya kupuma panjira ya kuchimbudzi. Yachiwiri anakatema mtengo n'kukhomera denga la khitchini limene linali litapendekeka. Yachitatu anatenga khasu n'kuyamba kuunga mizere m'munda wa kuseri kwa nyumba, mizere yowongoka bwino, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti mtsuko ukupepuka. Mapewa ake anayamba kudzaza malaya. Madzulo ankamunyamula Jacinta ndi dzanja limodzi.

Nayenso Jacinta ankadzaza. Masaya anatukumuka, zikope zinalemera, timanja tinakhala tonenepa mpaka kachingwe ka pamkono anakadula. Amayi a kuchitsime ankati mwana akubwerera. A Genoveva ankamutsina tsaya n'kumati, "Nanga si uyu? Kapite naye kwa mwini mabuku akaone." M'ntchafu khungu linali litayamba kuda n'kumasupuka ngati utoto wa pakhoma lakale, koma Delfina ankati n'chifukwa cha matewera, popeza sopo kunalibe. Mwanayo sankasewera, sankaseka. Ankangokhala pamene amuika, maso ali pansi.

Atakwana masabata atatu Delfina anabwerera naye kuchipatala. Anapeza a Januário akumanga mabuku awo ndi luzi. Boma linali litawauza kuti atseke, akwere galimoto ya asilikali yopita ku Tsangano, chifukwa malowo sakanatetezedwanso. Balansa inali isanatsitsidwe. Anamukoleka mwanayo.

"Oito quilos. Makilo asanu ndi atatu."

"Wakwera," anatero Delfina, akumwetulira.

A Januário sanalembe. Anadina chala pamsongolo, dzenje linatsala. Anadina pamkono, chimodzimodzi. Anavundukula thewera n'kuyang'ana khungu kwa nthawi yaitali.

"Chipere akudya?"

"Chinamutsekula m'mimba. Akumwa msuzi. Kasanu patsiku, wokhathamira, sindinadumphe ngakhale tsiku limodzi."

Namwinoyo anakhala pansi, anavula magalasi n'kutikita m'maso. Analankhula kanthu kena m'Chipwitikizi, osati kwa Delfina.

"Mayi, mu msuzi muli kufiira, muli fungo, muli mchere umene mwathiramo. Chomanga thupi chija chimatsala mu nyemba momwemo. Chotuluka m'madzi n'chochepa kwambiri."

"Koma walemera. Balansa yanu yomweyi yanena."

"Balansa siidziwa kusiyanitsa mnofu ndi madzi. Theka la kilo limeneli ndi madzi."

Panja mwana wa munthu wina ankakhosomola. Delfina anamubereka Jacinta n'kumanga nsalu, n'kuimasula, n'kuimanganso.

"Nyembazo ankadya ndani?" anafunsa a Januário.

Delfina anayang'ana pakhomo.

"Está bem, chabwino. Zatsala zingati?"

"Tizitini tiwiri."

"Ndikanakhala ndi mkaka waufa ndikanamugoneka pano. Ndilibe, ndipo mawa sindili pano. Ndamva kuti kutsidya kwa malire, ku Malawi, kuli masisitere amene akumwetsa mkaka ana otupa. Ndamva chabe, sindinaone. Mukapita, musadzere njira ya kumlatho, akuti anakwiriramo mabomba. Zotsalazo mupote chipere, muzimupatsa kansonga ka sipuni, kansonga chabe, ulendo wonse. Akazizira mumuike pachifuwa panu."

"Achira?"

"Masabata atatu apitawo ndikanakuyankhani."

Delfina anafika kumudzi dzuwa litapendeka, n'kupeza amfuti atafika kale. Anali asanu ndi atatu, ena ovala nsapato, ena osavala, ndipo pansi pa mtengo wa mpichesi panali mulu wa malata a denga ndi makina osokera amene anazula kwina. Ankafuna osenza. Amuna onse a m'mudzimo anawandandika pabwalo, ndipo wamkulu wa gululo, wovala chipewa cha ubweya, ankayenda pamzerewo akufinya mikono ndi ntchafu monga amachitira wogula ng'ombe ya pangolo.

"Uyu ayi, afera pamtsinje woyamba. Uyu ayi. Agogo, khalani pansi, mukutichititsa manyazi."

Atafika pa Narciso anafinya phewa, anafinyanso, n'kubwerera m'mbuyo kuti amuone nkhope.

"Iwe si uja tinamusiya panjira ya ku Chidzolomondo? Pá, ine ndinkati tinadyetsa afisi. Wadya chiyani, mdala? Mudzi wonse mafupa okhaokha, iwe wekha mapewa ngati mwana wa administradori, bwanamkubwa wa boma."

Anzake anaseka. Wamkuluyo anamukankhira Narciso kumbali, pamodzi ndi amuna ena awiri, n'kumusenzetsa malata asanu ndi limodzi omanga pamodzi. Anawanyamula osadzandira.

Podutsa pamene panaima akazi, anachepetsa liwiro. Malata ankamutchinga nkhope, moti Delfina ankangoona chibwano.

"Mwana wayeza bwanji, Nangozo?"

"Oito."

"Wakwera. Bola." Anakonza katunduyo pamutu. "Usasiye msuzi uja."

Wamfuti wina anamugunda ndi thako la mfuti kumsana, mzere n'kuyamba kuyenda. Za madzi aja Delfina sanathe kumuuza. Anawayang'ana mpaka malata aja anasiya kunyezimira kuseri kwa chitunda.

A Genoveva anabwera pamene Delfina ankatikita nyemba zomaliza m'beseni.

"Ukuchotsanso makoko? Enferimeru wati chiyani?"

"Wati ndi madzi."

"Madzi ati?"

"Masayawa. Manjawa. Onse ndi madzi, achemwali."

A Genoveva anati ana awo onse anakulira msuzi, ndipo Delfina anati inde, koma nthawi imeneyo kunali bere, kunali mbuzi, kunali nsinjiro m'ndiwo zilizonse. Sanakangane. Mkuluyo anakhala pansi n'kuyamba kuthandiza kutola makoko, mmodzimmodzi, osayang'ana mng'ono wake.

Delfina ananyamuka m'mawa kutangoyera, mwana ali kumsana, chipere chili m'kambale kokulunga ndi tsamba la nthochi. A Genoveva anatsala, anati sangasiye ana awo aakazi okha. Njira ya kuphiri inali yaitali kuposa ya kumlatho. Inkadutsa m'minda ya anthu amene anathawa chaka chatha, momwe kale munkachita kubiriwira ndi tirigu ndi mbatata ya kachewere, tsopano muli chisoso chouma chofika m'chiuno. Kumadzulo mitambo inali itayamba kusonkhana.

Dzuwa litafika pamutu anakhala pamwala, pamalo pamene ankatha kuona msewu wa phula wa ku Malawi uli kutali m'munsi, galimoto imodzi ikuyenda ngati nyerere. Anamutsitsa Jacinta. Mapazi ake anali ozizira. Anamuika pachifuwa, mkati mwa bulauzi, n'kumasula tsamba lija. Anatapa chipere ndi chala n'kupaka pamlomo wa mwanayo.

Jacinta anatembenuza nkhope. Delfina anadikira, n'kupakanso. Ulendo wachinayi kamlomo kanatseguka pang'ono ndipo chiperecho chinalowa. Mwanayo sanalavule. Sanamezenso. Anangochisunga m'tsaya, maso ali otseka theka.

"Meza, mayi wanga," anatero Delfina chapansipansi. "Kamodzi kokha."

Anaika chala pakhosi pa mwanayo kuti amve ngati pagwedezeka, n'kudikira.