Mchere wa Amayi

Mkono wanga unali m'madzi mpaka m'chigongono pamene nthambi ina inandithyokera m'manja. Inali yoyera mbuu ngati fupa lophika, chonsecho Loweruka lapitalo ndinaisiya yobiriwira.

"Wayamba kuthyola tsopano," anatero amayi ali pakhomo la kukhitchini. "Ukawauze wekha abambo ako."

Thankiyo inali ya abambo, chibokosi chagalasi chotalika kuposa sofa, chodzaza madzi amchere. Ankawetamo korali, tizamoyo ta m'nyanja timene timamera nthambinthambi ngati tchire la miyala. Kuweta korali kwathu ku Duluth, kumene chisanu chimaumitsa ndi mamina omwe, kumafuna munthu wamakani, ndipo makani abambo anali nawo. Amayi ankaitcha thankiyo "mkazi mnzanga". Ankati mwamuna wawo amayamba kuipatsa moni iyo m'mawa, ndipo analumbira kuti sadzaikhudza. Ndeu yawo ina inali ya mchere wapatebulo. Chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, amayi anawamana abambo mchere kwa zaka, kabotolo kake n'kumakabisa kuseri kwa zitini.

Kenako abambo anagwa ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mawu anathawa. Ndikapita kukawaona kuchipatala ankajambula bokosi m'malere ndi chala, n'kundiyang'ana, ine n'kumati zonse zili bwino. Tsopano anali pafupi kutulutsidwa, korali wawo akufa. Ndinkaopa kwambiri kuti akadzapeza mafupa okhaokha m'galasimo, kamphamvu kamene anali atatolera kadzawathera pomwepo.

Ndinkabwera Loweruka lokha kuchokera ku Minneapolis, ndipo ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinasintha mababu ounikira thankiyo, ndinatsuka pampu, ndinayeza kutentha kwa madzi, nsomba ndinazichepetsera chakudya mpaka zinayamba kundiyang'ana ngati mdani. Madzi nthawi zonse ankalekeza pakatepi kamene abambo anamata pagalasi, ndipo sindinadzifunse kuti zikutheka bwanji.

Nzeru zitandithera ndinaitana a Duane Koskela, anzawo a abambo a kugulu la oweta korali. Analowa akukutumula nsapato.

"A Marlys, ndamva kuti mkazi mnzanu wadwala."

"Adwale," amayi anayankha. "Khofi mumwa, kapena mwangobwerera iyeyo ngati anzanu aja?"

A Duane anadonthezera madzi a m'thanki pakachipangizo konga kapaipi, nasuzumiramo atakalozetsa kuwindo. Analiza kakhweru.

"Renae, iyi si nyanja ayi. Uwu ndi msuzi wothiridwa mchere kawiri. Akuwonjezera madzi ndani muno?"

"Palibe," ndinatero.

"Alipo, mwana wanga. M'nyumba yotenthetsa chonchi madzi amauma tsiku ndi tsiku. Koma chimauma ndi madzi okha, mchere umatsala momwemo. N'chifukwa chake timawonjezera opanda mchere. Wina wake akuthira amchere."

Kapu inalira pa sosala. Nditacheuka ndinapeza amayi ataima ndi khofi uja m'manja, nkhope itagwa.

"Si za m'nyanja kodi zinthuzi?" anafunsa motsitsa. "Anzanuwo, amuna anga, ndinkawaona akusakaniza mchere m'ndowa."

"Amenewo ndi a posintha madzi, potunga akale n'kubwezera atsopano, a Marlys. Owonjezera ndi ena."

Zonse zinatuluka pamenepo. Chigonekedwereni abambo, amayi ankadzuka m'mamawa, n'kusakaniza mchere m'ndowa, n'kuyesa kufunda kwake ndi chigongono ngati madzi osambitsira khanda, n'kuthira mpaka pakatepi paja. Ndowayo ankaitsuka n'kuibisa kuti ndisadziwe.

"Ndimati akabwera apeze pofika madzi ndi pomwe paja," anatero, nakhala pansi.

Ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinamvera korali. Ndinafuna kukhuthula theka la thanki nthawi yomweyo, koma a Duane anandigwira mkono. Anati kutsitsa mchere mothamanga kumapha msanga kuposa mcherewo, tizithira madzi wamba pang'onopang'ono. Kenako anandilozera patsinde pa nthambi zoyerazo, pamene panatsala kachigamba kobiriwira, kakukula ngati chikhadabo.

"Aka kakapirira," anatero, "thengo lonse lingabwerere. Koma si chaka chino."

Abambo tinabwera nawo Lachisanu masana, pa njinga ya olumala. Ndinafuna kuwakhotetsera kuchipinda, koma anaponda pansi ndi mwendo wabwino uja. Amayi anali ataima kutsogolo kwa thanki, atatambasula pang'ono juzi yawo, ngati kuti thupi lawo laling'onolo lingaphimbe galasi lonse.

"Arne, ndine ndachita," anatero. "Mwanayu musamuyang'ane."

Anasuntha. Abambo anayang'ana nthambi zoyerazo nthawi yaitali. Anandikodola kuti ndiwayandikize, nagwira m'mphepete mwa galasi, nadzikoka mpaka chala chinafika m'madzi. Analawa. Nkhope yawo inapindika, mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo ndinati basi, chimene ndinkaopa chija chafika. Koma anali kuseka, ndi theka la kamwa limene linawatsalira.

"M... mchere," anatero, akuloza amayi. Milomo inalimbana ndi liwu lachiwiri. "Wambiri."

Chigwereni, amenewo anali mawu oyamba kuwamva akutuluka athunthu.

"Taonani munthuyu," anatero amayi, misozi ili mbwembwembwe. "Zaka zonsezi mukulirira mchere, lero ndakupatsani mukudandaulanso."

Abambo analoza jagi ya madzi wamba imene inali pansi pa thanki. Nditaitola kuti ndithire, anapukusa mutu, nandisonyeza amayi ndi chibwano. Amayi anagwira chogwirira, abambo anachirikiza kunsi ndi dzanja lawo lamanzere, ndipo anaipendeketsa onse awiri. Kamtsinje kowonda kanagwera m'thanki. Madzi atsopanowo ankaoneka akutsika ngati mafuta, akuzungulira pakati pa nthambi zoyera, mpaka anakadutsa pakachigamba kobiriwira kaja.

"Ndileke?" anafunsa amayi.

Abambo, maso ali pakatepi, sanachotse dzanja.