Dzina la Dinah Lisaoneke

Cyprian, mwana wa mlongo wanga, anatsika sitima ya Ilala mu 2008 atanyamula kompyuta. Ankafuna kutsegulira nyumba yathu ya alendo ya ku Chipyela tsamba la pa intaneti, ati masiku ano azungu amafufuza kogona asanakwere sitima. Ine n'kuti ndangofika kuchokera kumaliro ku Yofu, miyendo itatupa. Ndinamuuza kuti achite msanga.

Anati polembetsa dzina la tsambalo pali njira ziwiri. Dzina la mwini wake, foni ndi kumene amakhala zikhoza kukhala poyera, aliyense n'kumaziona. Apo ayi kampani yolembetsayo imazibisa n'kuikapo zake.

Ndinati aike poyera. Kuno ngakhale bwato timalilemba dzina, wobisa dzina ndi wakuba maukonde. Ndinatinso alembe Dinah, mwana wanga, poti ndiye amayendetsa nyumbayo ndipo Chingerezi amachitha.

Dinah ankapinda nsalu zoyala pabedi. Anasiya.

"Amayi, Matias amaidziwa kompyuta."

Matias ndi mwamuna amene Dinah anamuthawa ku Bulawayo, mwamunayo atamuthyola mkono. Ukwati wawo unali wongotengana, choncho kwathu sanafikeko. Amangodziwa kuti mkazi wake ndi wa ku Malawi. Cyprian anavomera kuti munthu wodziwa kufufuza akhoza kulipeza dzinalo, Chipyela ali pambali pake.

Ndinakhala pampando. Nthawi yonseyi ndakhala ndikuletsa amayi a pamsika kutchula Dinah kwa amuna achilendo otsika sitima, ndiye lero ndimulembe ndekha poti dziko lonse liwerenge?

"Bisa," ndinatero.

"Koma azakhali, patsamba penipenipo pafunikabe nambala yoti alendo aziimba."

"Ika yanga."

Anaseka, ati Chingerezi changa chinatsalira kusukulu ya mishoni. Ndinamuuza kuti sindinamufunse, alembe, ndikufuna kukaviika miyendo m'madzi.

Tsopano foni imalira ndili m'munda wa chinangwa, ndili pamsika, tsiku lina inalira ndili m'tchalitchi. Ndimayankha n'kukhala chete kaye, kumvetsera mawu. Akakhala mlendo wofuna chipinda ndimamuuza aimbenso, n'kuuyamba ulendo wokampatsa Dinah foniyo. Miyendo sinasiye kutupa.

Mawu a Matias ndinawamvapo kale pafoni, akundilonjera mwaulemu Dinah akulira kumbuyo kwake. Akadzaimba ndidzawazindikira. Ndidzamuuza kuti kuno kuli nkhalamba yokha, ndipo zipinda zadzaza.