Kanjedza Wometedwa Mpala

Ine ndine wometa, ndiye ndikanena kuti namondwe uja anameta msewu wathu mpala, ndikudziwa chimene ndikunena. Sanasiye ndi ndevu zomwe. Malata a shopu yanga ndinakawatola kuseri kwa tchalitchi atapindika ngati chipewa, ndipo galasi langa lalikulu linatsala theka, moti mpaka lero kasitomala amadziona mbali imodzi, inayo amangondikhulupirira.

Koma amene anamva kuwawa kwenikweni ndi a Giya, oyandikana nane. Anali dalaivala wa basi mpaka anapuma, ndipo akamayenda mwendo wakumanzere umakoka pang'ono ngati akusintha giya pachitunda. Dimba lawo la kuseri kwa nyumba linali loti odutsa ankachepetsa liwiro. Namondwe analisiya lili bwinja. Mtengo wa mapeyala unagwera pakhitchini, wa mango unang'ambika pakati, nthochi zinagona chafufumimba m'matope. Amene anatsala chiimire ndi kanjedza yekha, uja malemu akazi awo anabzala chaka chimene anagula malowo. Naye analibe tsamba ndi limodzi lomwe. Linali thunthu chabe, lopendekeka, ngati polo ya magetsi yoiwalika.

Madzi atangophwa kunabwera mwana wawo wamkazi, nesi wa kuchipatala chachikulu, munthu wosazolowera kunena chinthu kawiri. Anayang'ana khitchini, anayang'ana mwendo wa bambo ake, n'kuwauza kuti zakwana, alongedze akakhale kwa iye. Kwa iyeko ndi nyumba yosanja, pamwamba penipeni, kumene munthu sangabzale ngakhale anyezi.

"Ndidzachoka pano tsiku limene mtengo wa mayi akowo wafa," anatero a Giya.

"Wafa kale, bambo."

"Wauyeza ndi chiyani? Wauika chija mumaika kukhwapa?"

A Nesi sanaseke. Anati chabwino, akuwapatsa mpaka kutha kwa mwezi wotsatira. Adzabwera ndi lole komanso munthu wa macheka a injini. Akadzapeza tsamba lobiriwira pamutu pa kanjedza, bambo atsala. Akapanda kulipeza, mtengo pansi, katundu m'lole. A Giya anavomera, poti ndi munthu woti mawu ake sabwerera m'mbuyo ngakhale basi ankaibweza bwino.

M'mawa mwake pampando wanga panakhala mkamwini wawo, mwamuna wa a Nesi. Amagulitsa mafoni, ndipo timamutcha Netiweki chifukwa pakapezeka ntchito yolemetsa amasowa. Anandiuza kuti ndimete mmene ndingafunire, iye wafa kale. Chipinda chokhacho chopanda munthu kwawoko ndi chimene amaonera mpira. Ndiye apongozi amadzuka tambala asanaganize zolira, amafunsa mtengo wa chilichonse, ndipo ukawakweza m'galimoto amakuuza poti usinthe giya. Anati apongozi amawakonda kwambiri, koma chikondi chake chimakoma akakhala kuno.

Kuyambira tsiku limenelo tinaona zachilendo. Netiweki, amene dzanja lake silinagwirepo chinthu cholemera kuposa chaja, ankabwera ndi wilibala ya manyowa. Anafotsera matope pamizu, anakwirira dothi kumene thunthu linapendekera, ankathirira mpaka a Giya kumuletsa kuti aumiza mtengo umene unakana kumira. Nkhalambayo inagwetsa misozi pamaso panga, ati sinkadziwa kuti ili ndi mkamwini wotere. Ine ndinangoti eya, anthu amabisa zambiri.

Dimba lokha silinadikire kupemphedwa. Mitengo ikuluikulu itagwa, dzuwa linafika pansi pamene linali lisanafikepo. Nthochi zinatulutsa ana m'mbali mwa amayi awo ogona. Mbatata inayamba kuyanga ngati sinamve kuti kunagwa zovuta. Ndiye panamera maungu amene palibe anabzala, njere zake zinabwera ndi madzi kuchokera kwa eni ake osadziwika, n'kukwera pafiriji yakufa imene namondwe anatisiyira. Zonse zinkabiriwira mopanda manyazi, kupatula amene ankafunikayo. Kanjedza anali duu. A Giya ankaima pansi pake m'mawa uliwonse, dzanja pachipumi, koma maso awo safika kutali ndipo mwendo sulola makwerero. Anayamba kuonda. Tsiku lina ndinawapeza akupukuta sutikesi.

Kutatsala tsiku limodzi, a Giya atapita kukalandira mankhwala a mwendo, Netiweki anabwera kudzabwereka makwerero anga. Kukhwapa anali atapanira mtolo wa masamba a kanjedza ochokera kutsidya kwa tauni, kumene mphepo inadutsa mwaulemu, ndipo m'thumba munali waya. Munthuyo amaopa pamwamba. Anakwera akutchula mayina a makolo ake, anamanga masambawo m'khosi mwa mtengo atatsinzina, n'kutsika osayang'ana kanthu. Kuchokera pansi zinkaoneka ngati wigi ya munthu wothamangira ukwati. A Giya pobwera anayang'ana m'mwamba, anaona zobiriwira, anakhala pansi pomwepo n'kuvula chipewa.

Lole inafika dzuwa litakwera, ndipo dzuwalo linali litagwira kale ntchito yake. Masamba anali atalefuka, limodzi likulendewera chazondoka. Wa macheka anayamba kuthira mafuta mu injini. A Nesi anayenda kuzungulira mtengo kamodzi.

"Bambo, kanjedza anayamba liti kuphuka ndi waya?"

Msewu wonse unali pampanda. A Giya anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mkamwini amene mwadzidzidzi anali ndi uthenga wofunika pafoni, ndipo anamvetsa. Sanakalipe. Anavala chipewa, anauza anyamata a lole kuti ayambe ndi bedi. Kenako anatembenukira kwa Netiweki.

"Akamwini, kwerani muchotse manyaziwo. Mtengo wa mkazi wanga ugwe ndi mutu wake womwe."

Anakwera. Ulendo uno waya anali atalimba, ndiye kuti asagwe anaponya dzanja pamwamba penipeni pa thunthu kufuna pogwira. Kukuwa kumene anakuwa, agalu a misewu itatu anayankha. Anatsika mofulumira kuposa mmene anakwerera, chala chili chuchuchu magazi, akuti pamwambapo pali chinthu chamuluma.

A Nesi anagwira chalacho, anachiyang'ana ngati mmene amayang'anira odwala onama. Anati iyi si njoka, chamubaya ndi chinthu chosongoka. Anavula nsapato zawo zoyera, anandipatsa ine kuti ndigwire, n'kukwera okha. Atafika pamwamba anasuzumira pamutu pa mtengowo. Wa macheka anafunsa ngati alize injini.

"Mwana wanga, kuli chiyani?" anafunsa a Giya.

"Kuli tsamba, bambo." Mawu awo sanali a kuchipatala aja. "Likutuluka pakati penipeni. Lapindika ngati ambulera yatsopano, lakuthwa ngati mkondo. Ndi lobiriwira."

Amayi a pampanda anayamba nthungululu. A Giya anayenda kuchoka pamtengo kukafika pa lole osakoka mwendo, ndinaona ndi maso angawa, n'kuuza anyamata kuti bedi libwerere kumene analitenga, ndipo asagunditse pachitseko. A Nesi potsika anapukuta m'maso, ati ndi fumbi la pamwamba. Lole ija anaituma kukatenga malata a khitchini. Wa macheka, poti anali atathira kale mafuta, anamulozera mtengo wa mapeyala. Chala cha mwamuna wawo anachimanga okha ndi bandeji, mothina kwambiri, akumuyang'ana m'maso.

Lero kanjedza ali ndi tsitsi loti ine ndikaliona manja amandiyabwa. Thunthu lidakali lopendekeka, koma mutu unakhotera kumwamba wokha. A Giya amakhala pamthunzi pake kugulitsa maungu a eni ake aja, ndipo aliyense wogula amayamba wamva nkhani yonse.

Netiweki chipinda chake cha mpira anachipulumutsa, koma sachilowa. A Nesi anati popeza luso la dimba linabisala mwa iye zaka zonsezi, ndi tchimo kulikwiriranso. Loweruka lililonse, nthawi yomwe mpira ukuyamba, amakhala ali kuno ndi wilibala, apongozi ali pambuyo kumuuza poti asinthe giya.