Chigubu cha a Hellen

Ife a kunyanja tili ndi matenda amodzi: sitikhulupirira kuti padziko pano pali malo opanda madzi. N'chifukwa chake tsiku lokwera phiri tinanyamuka ndi jumbo yodzaza usipa wokazinga wamchere ndi chinangwa chophika, koma botolo la madzi akumwa palibe anaganizako.

Ulendo wa mapempherowu tchalitchi chathu cha Anglican ku Lungwena chimauchita chaka ndi chaka. Tsiku loyamba mumayenda m'mbali mwa nyanja, lachiwiri mumadutsa phiri mpaka kukatchalitchi ka kuseri, cha ku Katuli. Ine Dinah ndinali ndisanapiteko, poti Mulungu ndimamupeza bwinobwino pansi pomwe pano. Anandikoka ndi a Hellen, mnzanga wogulitsa naye nsomba. Wachitatu anali a Ajira, amene ndi Msilamu koma anati sangaphonye mwayi wotiona tikulira.

A Hellen ankapita ndi mtima pamwamba. Mwana wawo Jeffrey anakwatira kuseri kwa phiri komweko, n'kukhala chikamwini. Iwo kuukwati sanapite, ati mtsikana wa kumapiri sadziwa ngakhale kupala chambo. Mawuwo anafika kwa mwini wake, ndipo zaka ziwiri zinatha osayankhulana. Tsopano kunali kutabadwa mwana. Kubanja kwa a Hellen mwana aliyense amabatizidwa ndi madzi otunga m'nyanja, ndiye mpongozi wawoyo anatumiza uthenga waufupi: ngati agogo ake akufuna, abwere nawo okha madziwo. A Hellen anatsuka chigubu cha malita asanu katatu konse, n'kuchidzaza, n'kuchisenza pankhata.

Anzathu a mpingo anatsogola akuimba. Ife tinayamba nawo bwino nyimbo, koma itafika ndime yachiwiri mpweya unatithera, gulu n'kutisiya. Phiri ndi chinthu chabodza. Ukaona nsonga n'kukalipira kufikapo, umapeza kuti kumbuyo kwake kwabisala ina.

Cha m'ma teni tinakhala pamwala n'kumaliza usipa uja wonse, mpaka kunyambita mchere wa m'jumbo. Kenako ndinaimirira kuti ndikamwe pakamtsinje kanali chapafupi. Ndinapeza mchenga ndi abuluzi. Unali mwezi wa Okutobala.

"A Hellen," ndinatero pobwera, "chigubucho sichikukulemerani? Tikuchepetsereniko."

"Ayi zikomo, achemwali."

"Kungonyowetsa lilime basi. Mwanayo akamusambitsa kapena akamubatiza?"

"Mukachigwira ndikudulani zala."

Tinapitiriza. Madzi aja ankalira khuvu khuvu pamutu pawo, ine ndili pambuyo ndikumva, malovu atauma gwa. Ndikunena zoona, a Hellen ndinawada tsiku limenelo.

Dzuwa litapendeka pang'ono, a Ajira anati nthawi ya swala yakwana. Ndinakondwa, poti munthu saswali asanatawaze, ndipo a Hellen sakanamana mnzawo madzi a pemphero. Ndinakonzeka kale kutchera manja pansi pa zigongono zawo. Koma a Ajira anangomenya zikhatho pafumbi, n'kupukuta kumaso ndi m'manja, n'kuyala chitenje.

"Nanga madzi?" ndinafunsa atamaliza.

"Pakasowa madzi timaloledwa fumbi, che Dinah. Inunso yesani kumwa lomwelo."

Tinaseka awiri. A Hellen sanaseke. Anali atakhala pansi, chigubu chili pamiyendo, maso ali gwa kuyang'ana mtengo. Nkhope inali youma, yopanda thukuta ngakhale dontho. Nditawagwedeza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Jeffrey, watsekera nkhuku?"

Nthabwala zinathera pomwepo. Ndinachita mantha kwambiri.

"Wallahi, munthuyu atifera pano," anatero a Ajira. "Gwirani manja."

Ndinawagwira, a Ajira n'kutsekula chigubu. A Hellen anakana, anatukwana, anandiluma chala, koma madzi atafika pamilomo anamwa ngati ng'ombe. Ena tinanyowetsa mpango n'kuwaika pamutu ndi pakhosi. Ndisaname, nanenso ndinamwako, a Ajiranso. Ndinkati ndimeze kawiri, koma kummero kwanga sikudziwa kuwerenga.

Patapita kanthawi a Hellen anatsitsimuka. Ananyamula chigubu n'kuchiyang'ana padzuwa. Madzi anali atatsala pansi penipeni, osakwana ndi kapu yomwe.

"Tiyeni tibwerere," anatero motsitsa.

"Kubwerera kuti? Kutsogolo n'kwapafupi."

"Ndikafika ndi chiyani? Mpongozi wanga wandipempha chinthu chimodzi chokha, Dinah. Akati ndachitira dala, ndamunyozanso."

"Mukamuuze kuti ndamwa ndine. Nkhope yangayi akhulupirira."

"Mukabwerera mubwerera nokha," anatero a Ajira akumanga chitenje. "Ine sindinakwere phiri lonseli kuti ndikaonenso Lungwena. Ndikufuna ndikaone khanda."

Tinawaimiritsa. Chigubu anakana kutipatsa, anachikumbatira pachifuwa, ndipo potsetsereka ankaponda mosamala kuposa mmene ankachitira chili chodzaza. Ine ndinatsika malo ena chokhala, chitenje changa chatsopano n'kung'ambika kumbuyo. A Ajira anati sadzauza munthu, ndipo pofika lero Lungwena yense akudziwa.

Tinafika cha m'ma folo, anzathu atadya kale. Pomwe njira imalowa m'mudzi panaima mtsikana wamtali, mwana ali kumbuyo. A Hellen anaima, ine n'kuwagunda pamsana.

"Ndi yemweyo," ananong'ona.

Mtsikanayo anabwera, anagwada pang'ono, n'kulandira chigubu ndi manja awiri. Chitamupepukira anadabwa. Anachigwedeza pafupi ndi khutu.

"Chinali chodzaza," anayamba a Hellen. "Ndinachitsuka katatu. Ndinatunga m'mawa anthu asanavundule. Funsani awa, sindinafune ine..."

"Tamwa ndife," ndinatero. "Akanafa."

Mtsikana uja anatiyang'ana mmodzimmodzi: milomo yosweka, mapazi otupa, ine nditagwira chitenje kumbuyo. Ndinaona kuti akulimbana ndi kuseka. Kenako anayang'ana a Hellen nthawi yaitali, kuseka kuja n'kumuthera.

"Ndimayesa simubwera, amayi," anatero. "Ndaima pano kuyambira masana."

Anaika chigubu pansi bwinobwino, anamasula mbereko, n'kumutembenuza mwana kuti timuone.

"Kamutu kake ndi aka. Akwana madziwo."

A Hellen anapukuta manja pachitenje kawiri asanamulandire. Ine, amene sindilira ngakhale pamaliro, ndinapezeka ndikufwenthera pa phewa la a Ajira. A Hellen anamuyang'ana mwanayo, anamugwira tizala, kenako anakweza maso kwa mpongozi wawo mwamanyazi.

"Dzina lake ndani?" anafunsa.