Nkhope Iyang'ane Kunja

Chithunzicho tinachitsitsa pakhoma la tchalitchi cha masisitere m'mawa, tili amuna anayi. Chinali chachitali kuposa chitseko, cha mayi atanyamula mtsuko. Katswiri wina wa ku Venice ndiye anachijambula pansalu, agogo a agogo anga asanabadwe. Masisitere anali atachigulitsa kwa mfumu ina ya kumpoto, imene inkamanga nyumba yoonetseramo zithunzi zakale.

Mtumiki wa mfumuyo, Bambo Reinhold, ankangosuzumira kumapiri. Chipale chofewa cha nyengo yozizira chinali pafupi kutseka njira ya ngolo. Komanso mfumu inali itawauza kuti chithunzicho chikafika chowonongeka, iwo asadzapondenso kunyumba yachifumu.

"Bortolo, kulunga msanga," anandiuza. "Nkhope ilowe m'kati, mvula ingaikhudze."

"Ayi, bwana. Nkhope iyang'ane kunja."

"Wamwa vinyo m'mawa uno?"

"Sindinalawe. Koma mukanandipatsa sindikanakana."

Sanaseke. Anati amisiri m'tauni muno ndi ambiri, akhoza kuitana wina dzuwa lisanakwere. Anzanga aja anaweramitsa mitu.

"Pepani, bwana, tafumbatani dzanja," ndinatero.

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anafumbata.

"Taonani m'katimu, khungu lakwinyika. Kunjaku langotambasuka. Utoto wakale ndi wouma ngati khoko la buledi wadzana. Mukaupindira m'kati udzifinya wokha n'kuthetheka, ndipo mayiyu akafika kwa mfumu alibe maso."

Anayang'anitsitsa dzanja lawo lili chifumbatire.

"Ukasweka, mlandu ndi wako."

"Ukasweka ndi wathu tonse, bwana."

Tinachotsa nsaluyo m'felemu yake yamatabwa, tinaiyala chafufumimba pa mabulangete, n'kubweretsa chogudubuza chamtengo, chonenepa ngati mgolo wa vinyo. Tinayamba kukulunga pang'onopang'ono. Mapazi a mayiyo anatulukira pamwamba, kenaka chovala chake chobiriwira, kenaka mtsuko. Palibe amene ankapuma bwino.

Titafika pakhosi, china chinalira kuti thee.

Tinaima. Bambo Reinhold anagwada, chipumi chili thukuta ngakhale kunkazizira. Ndinayendetsa maso pansalu ponse. Kachidutswa kakuda, kochepa ngati njere ya mphesa, kanali katagwa kuchokera m'mphepete, pamene pamabisika ndi felemu.

"Tipitirize?" ndinafunsa.

Anagwedeza mutu kuvomera. Nkhope inakwera, inapindika, maso onse awiri ali bwinobwino.

Bambo Reinhold anatola kachidutswa kaja ndi chala chonyowa n'kukakulunga m'kampango. Kenaka anavula jekete lawo, anafunditsa nkhope ija, ndipo anauza woyendetsa ngolo kuti amange abulu.