Efi ya Kuseri kwa Bafa

Mchenga wa ku Nkope ngwabwino poyanikapo maukonde, koma pa nkhani ya magetsi, aaa, ndi mdani weniweni. Naima anazindikira zimenezi Lachitatu masana, atagwada pambali pa kanyumba katsopano ka mafiriji a nsomba ka amjomba ake, a Swadick, thukuta lili kamukamu.

Mawaya anali atayala bwino, masoketi onse ali m'malo. Chotsala chinali efi, chitsulo chija amakhomera pansi kuti firiji ikawonongeka magetsi athawire m'nthaka, osati m'thupi la munthu. Anayeza katatu konse. Mita inangokakamira pa 840, chonsecho iye ankafuna nambala yosafika 100. Lachisanu kunkabwera woyendera kuchokera ku boma, ndipo popanda fomu yosaina Naima magetsi sakanalumikizidwa. Imeneyi inali fomu yake yoyamba chitengereni laisensi.

"Zachepa izo," anatero a Swadick. "Mmisiri wina wa kwa Mponda anandiuza kale mankhwala ake. Lachisanu m'mawa tithirapo ndowa ziwiri za madzi amchere, mita itsika yokha. Aliyense amatero."

"Itsikadi, amjomba. Nanga pakadzauma Lamlungu?"

"Lamlungu woyendera adzakhala ali kwawo."

"Koma anti adzakhala ali muno, opanda nsapato, manja ali chonyowa, akutsegula firiji. Ine sindisaina."

Ee, ukanawaona a Swadick! Kofia inachita kupendekeka. "Iwe, ndinakunyamula uli khanda ine, lero ukundiphunzitsa? Munthuyu akabwerera tidikira mpaka mvula. Sukulu yakupatsa mwano eti?"

Mawuwo anamupweteka Naima, ndipo mantha anali nawo ndithu. Kukana mjomba si masewera. Analumikiza chitsulo chachiwiri pamwamba pa choyamba nakhoma mpaka manja anatuluka matuza. Mita inatsika kufika pa 600 n'kuima pomwepo. Mwezi wa Okutobala mchengawo unali gwa kuuma mpaka pansi.

Lachinayi m'mawa anazungulira kuseri kwa nyumba kuti akasukusule. Anapeza a Mwanamvua, akazi a amjomba akewo, akutsuka mbale pafupi ndi bafa la udzu. Mudzi wonse unali mbuu, ngakhale mbuzi zinkasowa chobudula, koma nthochi zitatu za pamenepo zinali biriwiri.

"Anti, nthochizi mumathirira?"

"Kuthirira? Ndili ndi nthawi imeneyo ine?" anaseka a Mwanamvua. "Madzi osamba, a mbale, a udhu tisanaswali kasanu pa tsiku, onse amathera pomwepa. Chikwatiwireni ine pano sipanaumepo."

Naima anaiwala zosukusula. Anapisa dzanja m'nthaka, napeza dothi lakuda, lozizira, lomata zala. Anawerenga mapazi kuchoka pamenepo kufika pa kanyumba ka mafiriji: makumi awiri. Waya wokwanira anali naye.

Anayamba yekha kukumba ngalande. A Swadick anakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, nkhope ili ndwii, ngati sakuona. Koma munthu wamkulu angapirire mpaka liti kuonerera mwana wa mlongo wake akulimbana ndi khasu, manja ali matuza okhaokha? Anadzuka akung'ung'udza, namulanda khasulo.

"Choka apa, ukukumba ngati nkhuku. Koma nthochi zangazi zikafa, tionana."

Pofika madzulo anali atakhoma zitsulo zitatu motalikirana, atazimanga pa waya mmodzi ndi kukwirira ngalande. Naima analumikiza mita, mtima uli phaphapha. Inawerenga 46. Anazimitsa, nayezanso, poopa kuti mwina maso akumunamiza. Inabwereza 46 yomweyo. Anangokhala pansi pamatope pomwepo n'kuyamba kuseka, misozi ikutuluka.

Woyendera uja, a Duncan, anafika Lachisanu nthawi ya swala ya Juma isanakwane. Anali bambo wa imvi, wosaseka wamba. Anatsegula bokosi la mabureka, maswitchi aja amadula magetsi pakavuta, nayesa soketi iliyonse. Atawaonetsa pamene panali efi, anaima n'kuyang'anitsitsa dothi lonyowalo.

"Mhm. Mwezi uno, dothi lonyowa," anatero. "Inu a kunyanja ndimakudziwani. Ndikapeza mchere, mayi, fomu yanu ndibwerera nayo, ndipo dzina lanu sindidzaliiwala."

Anawerama, natapa dothi ndi chala, n'kulawa. Inde, kulawa ndi lilime! Nkhope inachita tsinya, nalavula kumbali.

"Sopo!"

A Mwanamvua anaphulika nako kuseka mpaka anagwira mpanda wa bafa. A Duncan anapukuta pakamwa, nayeza ndi mita yawoyawo, ndipo inawerenga 48. Anafunsa ngati madziwo amayenda chaka chonse, ndipo atamva kuti inde anagwedeza mutu, napereka fomu ndi cholembera kwa Naima.

A Swadick nthawi yonseyi maso anali pa chala cha woyendera chija. Manyazi anawagwira, osati pang'ono. Naima atatsamiritsa fomu pa chitseko cha firiji, a Swadick anasendera pafupi nalankhula motsitsa mawu.

"Saina, mwanangu. Usafupikitse ayi. Lemba dzina lonse, ndi la agogo ako lomwe."